Sing'anga Wopanda Mana

Kwa Bwana Wolinganiza Mphamvu za Ankhondo,
Kampani ya masewera a pafoni a Chigwa cha Zinjoka.

Wolemekezeka Bwana,

Kalatayi ndailemba kawiri, chifukwa yoyamba inadonthera inki ndipo ndinaopa kuti mungakhumudwe. Ine ndine telala. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho mukapeza mawu opindika muwawongole ndi dzanja lanu lachifundo.

Amene anandiikira masewera anuwa m'foni ndi mwana wanga wamkazi, yemwe anakwatiwa kutali. Lamlungu lililonse masana timakumana m'chigwa chanu: iye ndi uta, mkamwini wanga ndi nkhwangwa, ine sing'anga wa gulu. Ndi kumeneko kokha kumene ndimamva mawu a mwana wanga, ngakhale nthawi zambiri amakhala akundiuza kuti ndithawe. Tsopano gululo likufuna kundichotsa, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikuthokozeni mwandondomeko.

1. Zida. Mkamwini munamupatsa nkhwangwa yaikulu ngati chitseko cha sitolo. Ine munandipatsa ndodo. Nditamenya nayo khoswe wa pachipata choyamba, khosweyo anandiyang'ana n'kupitiriza kudya. Mwezi wathawu munalengeza kuti mwalinganiza zida zonse, ndipo ndodoyo munaichepetsanso mphamvu. Zikomo kwambiri. Ndinkada nkhawa kuti tsiku lina ndingavulaze munthu.

2. Zovala. Mkanjo wanga unadya nsalu yokwana makatani a nyumba yonse, koma muvi umalowa ngati m'madzi. Oponya mivi munawaveka kansalu kosakwana thumba la shati, ndipo moto wa chinjoka suwawaula. Kumbukirani kuti woponya miviyo ndi mwana wanga, ndipo mkamwini amakhala ali pomwepo. Ndimayenda nditayang'ana kumbali, n'chifukwa chake ndimagwera m'maenje.

3. Mana. Munthu akakwera luso mumamufunsa kuti mphotho yake aiike pati: pa nyonga, pa liwiro, kapena pa kamzere kabuluu kolembedwa kuti MANA. Bwana, mayi anga sanandilere choncho. Kumana ndi khalidwe loipa, makamaka kwa sing'anga. Pa kamzereko sindinaikepo ngakhale kadontho. Zonse ndinaika pa mphamvu yonyamula katundu, ndipo lero ndimasenza mabotolo a mankhwala, mahema, ndi chishalo cha hatchi yomwe tilibe. Koma mkamwini akalasidwa, ine n'kudina batani lochiritsa, foni imandiuza kuti mana palibe. Ndikudziwa kuti palibe, ndinachita dala. Mnyamata wa eni ake amafera pamapazi panga ndili chisenzere mankhwala. Poti sangakalipire apongozi ake, amangotsokomola, kenaka n'kufunsa ngati kwathu kukugwa mvula.

Mwana wanga wandifotokozera kuti kwanuko mana ndi mphamvu yochiritsira. Ndiye kuti wokana kumana ndi amene amamana anzake mankhwala, wodzaza mana ndiye wopatsa. Nzeru zakuya chonchi ku pulayimale sitinazifike.

4. Asewele anga. Mayi ake a mkamwini nawonso alowa m'chigwa, asankha using'anga, ndipo mana awo adzaza mpaka kusefukira, zomwe sizinadabwitse aliyense amene anadyapo kunyumba kwawo. Lamulo lanu limalola sing'anga mmodzi pagulu. Lamlungu likubwerali gulu likukalimbana ndi chinjoka chachikulu, ndipo mwana wanga wandipempha mwaulemu kuti ndipumeko kaye. Wopuma samva mawu a gulu. Chimvereni zimenezi ntchito yasokonekera, dzulo ndinasokera kolala kumiyendo ya buluku la mphunzitsi. Ndinafunsa ngati ndingasamutse mphotho zanga, makina anu oyankha anandifunira tsiku labwino.

Bwana, sindikupempha kuti mundikweze. Ndaona kuti kukweza munthu kumakutopetsani, ndipo sindikufuna mudwale chifukwa cha telala. Koma pa kutsitsa palibe wokuposani. Choncho ndagwira mwendo wanu: Loweruka lisanathe, alinganizeni asewele anga mwa luso lanu lonse, kuti nawonso asamachiritse munthu. Tonse tikafanana kupanda ntchito, mwana wanga adzasankha bambo ake.

Ine wanu wonjenjemera ndi ulemu,

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato,
wodziwika m'chigwa kuti Achinyamula.