Tsiku limene ndinakwatitsa nkhuku ku Maganga

Mpaka lero ndikamadutsa ku Maganga pali anthu amene amatetera ngati nkhuku ndikangowapitirira. Sindicheuka. Kuchipatala anandiuza kuti ndichepetse kupsa mtima, ndipo mayi a kunyumba ananenetsa kuti ndikadzagwira munthu pakhosi chifukwa cha nkhani imeneyi, ndikadzionere ndekha kupolisi.

Zinachitika matipate asanakwanitse zaka khumi. Ine ndinali nditasiya ntchito ya ukalaliki (ena amati anachita kundichotsa nditagenda bwana ndi chidindo, koma imeneyo ndi nkhani ina) n'kugula kamera ndi kompyuta yogwirapo kale kwa mkulu wina wochokera ku Joni. Ndinatsegula kashopu kojambula maukwati pa Salima. Pulogalamu yokonzera kanema ndinaiphunzira ndekha, ndipo si yovuta. Pagalasi pamakhala mizere iwiri, wapamwamba wa zithunzi, wapansi wa mawu. Ukafuna kuchotsa gawo loipa, umadula mizere yonse iwiri pamodzi. Pamodzi, ndikunena. Musaiwale zimenezi.

Ndiye panabwera chinkhoswe cha Esinati, mwana wa mchemwali wa mkazi wanga. Mwinimbumba ndi alamu anga a Filimoni, msodzi wa manja ngati nkhafi, munthu amene mtima wake umaposa wanga. Tsikulo iwo kunalibe. Mphepo ya mwera inawatsekera pa chilumba cha Mbenji, ndipo m'malo mwawo munaima mng'ono wawo. Atabwerako ananena mosapsatira kuti ukwati sulengezedwa kutchalitchi mpaka ataona okha kanema yense. Anali atamva mphekesera zoti akuchimuna, anthu a ku Khombedza, ankafuna mtsikana wina wa kwawo, ndipo Esinati ankamunena kuti ndi wonunkha usipa.

Tsopano pa chinkhoswepo panachitika kanthu. Mwambo utangoyamba, bambo wina wa chipewa chachikulu anadzaima ndendende kutsogolo kwa kamera. Ndinawapempha mwaulemu, osasuntha. Ndinakweza mawu, osasuntha. Basi mutu unatentha. Ndinalankhula zimene ndinalankhula, n'kuchipatsa khofi chipewacho mpaka chinakatera mumchenga. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti amenewo ndi bambo a mkwati, ndipo khutu lawo ndi lolemera. Iwo anangotola chipewa n'kumadandaula za mphepo.

Nditafika pa kompyuta, chachikulu chinali kuchotsa gawo limenelo. Koma dzulo lake ndinali nditamasula kaloko komangirira mizere iwiri ija poika nyimbo kumayambiriro, ndipo sindinakabwezeretse. Ndinadula zithunzi, mawu n'kutsala. Zithunzi zonse zakutsogolo zinasendera m'mbuyo kudzatseka mpata, mawu ali pomwe analipo. Ndikanamva ndithu, koma masipika anga anali atafa m'mawa womwewo (ankachita phokoso, ine ndinawapatsa chibakera chimodzi chokha, ndiye musandifunse zambiri). Ndinaonera ndi maso okha, n'kuona kuti zonse zili bwino, n'kukopera pa tepi.

Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi, mabanja onse awiri anasonkhana pakhonde la a Filimoni. Tivi tinaiika pa mtondo wovundikira, n'kuilumikiza ku batire ya galimoto. A Filimoni anakhala kutsogolo, manja atapinda. Pambali pawo panali a Kaphaizi, nkhoswe ya kuchimuna, ndi bambo a chipewa aja. Esinati anali pamphasa ndi azimayi, maso pansi.

Poyamba zinayenda bwino. Kenako panaoneka mkulu wa mpingo ataimirira, maso atatsinzina, manja m'mwamba kuti apemphere. Mawu amene anatuluka anali anga.

“Chokani apo inu! Takuonani kale! Mwaima ngati chitsa, mukuyesa anthu abwerera inu?”

Mkulu wa mpingo uja anali pomwepo, ndipo anandiyang'ana. Mayi a kunyumba anandiyang'ananso, koma kuyang'ana kwawo kunali kwina. Ine nthawi yomweyo ndinadziwa chimene ndachita, ndipo ndinayamba kuona chimene chikubwera.

Ndinadzuka n'kunena kuti batire ikuoneka yofooka, bwanji tichepetse mawu kuti itifikitse kumapeto. A Filimoni sanatembenuke n'komwe.

“Alamu, khalani pansi. Ndabwera kudzamva.”

Ndinakhala. Gawo lotsatira linali la nyimbo ndi kuvina, ndipo palibe anazindikira kuti mapazi ndi ng'oma sizikugwirizana.

Inu mukudziwa mmene zimakhalira pa chinkhoswe. Akuchikazi amabweretsa akazi ofunditsidwa zitenje mmodzimmodzi, nkhoswe ya kuchimuna ikuvundukula n'kumakana, anthu akuseka, mpaka atafika mwiniwake. Kenako amapatsana nkhuku, akuchimuna tambala, akuchikazi msoti. Tsikulo womaliza kunamizira anali mayi wina wachikulire wogulitsa nsomba, ndipo a Kaphaizi anamukana mwanthabwala zedi. Koma pa tepi yanga zithunzi zinali patsogolo ndi munthu mmodzi.

Pagalasi a Kaphaizi anavundukula chitenje. Panaoneka Esinati, wokongola, akumwetulira mwamanyazi. Ndipo mawu a a Kaphaizi anamveka bwinobwino:

“Ayi ayi, uyu sitimudziwa. Uyu ndi wotha kale. Mubwezeni kunyanja akapitirize kuyanika usipa!”

Kenako chiphokoso cha kuseka, khamu lonse.

A Filimoni anayamba kupumira m'mwamba. A Kaphaizi anayesa kunena kuti si mmene zinalili, koma a Filimoni anawauza kuti atseke pakamwa aone zonse. Ndipo anaonadi. Pagalasi mng'ono wa a Filimoni uja anapereka msoti, a Kaphaizi anaulandira ndi manja awiri n'kuukweza m'mwamba, mawu akuti:

“Eyaa! Ameneyu ndiye wathu! Ameneyu ndiye tamuyendera ulendo wonsewu. Taonani kukongola kwake!”

Nthungululu zinalira. Wina kumbuyo anaseka, koma anamezera pakhosi a Filimoni ataimirira. Anati ukwati palibe. Anati mwana wa mlongo wawo sangakanidwe pagulu kenako anthu n'kusankha nkhuku, ndipo a ku Khombedza atenge njinga zawo dzuwa likadalipo. Aliyense anayamba kulankhula nthawi imodzi, kulumbira kuti zimenezo sizinachitike. A Filimoni anayankha kuti akudziwa kuti tonse tinagwirizana zowabisira, koma makina alibe chibale. Esinati anayamba kulira. Mkwati anali ataima kuseri kwa nsanamira. Mayi ake anali atayamba kale kumanga chitenje, akunena kuti iwonso sanabwere kudzanyozedwa.

Mayi a kunyumba anandiyandikira n'kunong'ona kuti ndikapanda kukonza zimenezi pompano, ndisavutike kubwerera kunyumba.

Chinthu chimodzi chokha chanzeru chimene ndinachita mwezi wonsewo n'chakuti katepi kakang'ono ka mu kamera sindinakafufute, ndipo kamerayo inali m'chikwama. Ndinaimirira n'kunena kuti wolakwa ndine, ndinadula zithunzi n'kusiya mawu. A Filimoni anafunsa kuti mawu a munthu angatsale bwanji m'mbuyo mwiniwake atapita. Ndinaona kuti kufotokoza n'kutaya nthawi. Ndinalumikiza kamera ku tivi, n'kunena kuti ndithamangitsa tepi mpaka pa Esinati.

“Osadumpha kanthu,” a Filimoni anatero. “Kudumphadumpha kwanuko ndi kumene kwatifikitsa pano. Muyambe poyambirira.”

Apo batire inali itayambadi kufooka, chithunzi chikuchepa m'mbali. Ndinaima pamenepo ndikupempherera zinthu ziwiri zotsutsana: kuti batire ife tisanafike pa chipewa, komanso kuti isafe tisanafike pa Esinati. Mulungu anayankha chachiwiri chokha. Chipewa chinadzaza galasi lonse, mawu anga aja anamvekanso, kenako dzanja langa, wotchi yanga ikuoneka bwinobwino, phaa! Bambo a mkwati anasendera pafupi ndi tivi.

“Kani sunali mwera?”

Tepi inapitirira. Mayi wa nsomba anakanidwa pa nthawi yake, Esinati anavundukulidwa, a Kaphaizi anati ameneyu ndiye wathu, nthungululu zinagwera pa munthu woyenera. Chithunzi chinali chitatsala ngati kabokosi ka machesi. Nkhuku isanaoneke, tivi inazima.

A Filimoni anatambasula dzanja kwa a Kaphaizi n'kunena kuti alengeze ukwati Lamlungu likubwerali. Atatero anatembenukira kwa ine, ndipo kwa nthawi yoyamba mabanja awiriwo anagwirizana chinthu chimodzi: ndipepese bambo a mkwati ndi nkhuku, mkulu wa mpingo ndi nkhuku ina. Ndinayamba kunena kuti mkulu wa mpingoyo sindinamunyoze ine, ndi kompyuta. Mayi a kunyumba anandiponda phazi.

Ukwati unachitika, ndipo anajambula ndi munthu wina wa ku Lilongwe.

Ndiye inu amene mukugwira ntchito imeneyi, dulani mizere yonse iwiri pamodzi, kaloko kaja mukamasula mukabwezeretse, ndipo musapereke tepi musanaimvere ndi makutu mpaka kumapeto. Tepi yoyambirira musafufute. Kumbukiraninso kuti pakamwa pamene pali pafupi kwambiri ndi kamera ndi panu.

Za mtima ndiye sindikulonjeza. Masipika atsopano mayi a kunyumba anakauza kalipentala kuti awakhomere kudenga, kumene dzanja langa silifika. Sabata yatha anayambanso phokoso, ndipo ndazindikira kuti nsapato imafika.