Mmene Ndinakhalira Mwini Utsi

Wondilakwira ine ndi mwana wa mlongo wanga, uja timamutcha Laputopu, ndipo anandilakwira Lachiwiri m'mawa, chaka chimene ndinakwanitsa zaka makumi atatu ndikusonkhezera malasha pa boyila, ng'anjo yopangira nthunzi, ya fakitale ya sopo. Inu, tamverani. Ntchito ndinamupezera ndine. Ndinagwada mu ofesi ndi maondo omwewa kuti amulembe.

Anamuika kukhala wowerengera utsi. Ee, utsi! Akuti ndiwo ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula, ndiye ogula sopo akunja amafuna kuona m'buku kuti kampani ikuuchepetsa chaka ndi chaka. Ankabwera ndi kamakina kake, n'kuyang'ana chumuni, n'kulemba.

"Malume, nambala yanu ndi yoipa. Theka la utsi wa kampani ndinu."

"Ndine kapena boyila?"

"M'buku n'chimodzimodzi."

Lachiwiri limenelo anafika akumwetulira, pepala lili m'manja.

"Malume, mwakwezedwa. Kuyambira lero muli ndi kampani yanuyanu. Boyila ndi yanu, ife muzingotigulitsa nthunzi. Ndinu dayirekitala."

Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, koma mawu oti dayirekitala ndimawadziwa. Ndinadinda chala. Kunabwera amisiri, anazula mpanda wa waya, n'kuudzutsa mbali ina ya boyila. Boyila sinasunthe, chumuni sichinasunthe, inenso sindinasunthe, koma tonse atatu tinapezeka kunja kwa fakitale. Utsi uli tolotolo ngati kale, koma m'buku la kampani unatsika ndi theka tsiku limodzi. Anamuombera m'manja mwana uja!

Ndinagula tayi. Mayi akunyumba anati, "Bambo, tayi pang'anjo?" Ndinawauza kuti asamale pakamwa, akulankhula ndi dayirekitala. Tsiku lachitatu tayiyo inagwira moto, ndinaizimitsa ndi tiyi wanga yemwe.

Patatha miyezi iwiri Laputopu anaima kuseri kwa waya, osalowanso.

"Malume, Lachisanu kukubwera oyendera kudzatipatsa satifiketi yoti tachepetsa utsi. Akaona utsi wanu akutsekerani. Muone chochita."

"Iwe, utsi wanga? Si wophikira sopo wanu?"

"Munadinda, malume."

Moto sindikanazimitsa, nthunzi a fakitale ankaifunabe. Ndiye Lachisanu m'mawa ndinakwera makwerero, munthu wamkulu ngati ine, n'kutseka chumuni ndi masaka onyowa asanu ndi awiri. Ndinatsika, ndinayang'ana kumwamba: mbee! Ndinadziuza kuti ophunzira aja akanandifunsa kalekale, dziko likanazizira.

Komatu utsi sudziwa za mpanda. Unalowa m'ngalande ya mapaipi a nthunzi, unadutsa pansi pa waya osapempha chilolezo, n'kukatulukira m'chipinda cha misonkhano, pansi pa tebulo penipeni, pamene abwana amalandira satifiketi. Ndinangomva mazenera akutseguka ndi anthu akutsokomola ngati mbuzi zachimfine. Mayi wamkulu wa oyendera anatuluka misozi ili chuchuchu, bulauzi yoyera itasanduka yotuwa.

"Utsi umenewu ndi wa ndani?"

Zala zonse zinaloza kwa ine, ndili chiimire ndi fosholo.

"Mukuwadziwa bambowa?" anafunsa mayiyo.

"Ndi kampani ina, mayi," anatero Laputopu. "Sitikuwadziwa bwinobwino."

Mwana amene ndinamunyamula pamsana kupita naye kuchipatala atameza batani!

Boyila anaitseka tsiku lomwelo. Fakitale inagula ina yamagetsi, yosafuna munthu, ndipo utsi unathadi, zimenezo sindikana. Ndinapita ku ofesi kukafunsa za penshoni yanga. Kalaliki anafufuza m'mafaelo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Madala, kuno munasiya nokha tsiku limene munadinda. Za penshoni kafunseni kwa dayirekitala wa kampani yanu."

Ndinamufunsa dayirekitalayo, ine ndemwe, m'njira pobwerera. Penshoni alibe.

Laputopu anakwezedwa. Mwezi wathawu wakwera ndege kanayi, kukaphunzitsa makampani ena kuchepetsa utsi.