Bakha Wovala Suti Apita ku Zingalume

Pulani inabadwira pa kachasu wa a Esinati, Lachisanu masana m'chaka cha 1996, ndipo mzamba wake anali Dyson. Tinkamutchula kuti Manejala chifukwa ankayenda ndi mabolopeni atatu m'thumba koma osalemba kanthu.

Dyson anali ndi vidiyo pa boma pa Chadiza: tivi, deki, batire ya galimoto ndi makaseti a karate. Chimene analibe ndi anthu. Onse ankakhamukira kwa Manuele, munthu wofatsa amene anathawa nkhondo ku Mozambiki, n'kudzatola kaseti ya makatuni m'thumba la chijasi chogula pa salaula, msika wa zovala zakale. Kasetiyo inalibe dzina kapena chikuto, ndipo Dyson anasaka inzake mpaka ku Chipata, osaipeza. Munali bakha woyenda chilili atavala suti, chigalu chonenepa chokonda uchi, ndi ng'ombe ya nyanga ngati nthambi za mtengo. Chilankhulo chake ngakhale ahedi a kusekondale anangopukusa mutu. Ndiye Manuele ankaima pambali pa tivi ndi kandodo, n'kumaziikira nyamazo Chichewa m'kamwa.

Monika, mkazi wa Dyson, anali atagamula kale: mwezi ukatha mabenchi ali opanda anthu, banja libwerera ku Zemba, bambo akalime thonje la apongozi. Ndipo Dyson ankaopa khasu la chikamwini kuposa ndende.

"Madala, tamverani," anatero Dyson akugogoda botolo. "Kaseti ija tiitenge."

Omvera anali awiri. Bonaventure, amene tinkati Fatala chifukwa anakhalako kuseminale miyezi inayi, ndi Stefano wokonza njinga, amene tinkati Girizi.

"Kuba ndi tchimo," anatero Fatala. "Koma kubwereka osauza mwini, mabuku sanena bwinobwino."

"Nanga tikaionetsa kuti?" anafunsa Girizi. "Pa boma pano ngakhale agalu akuidziwa."

"Ndiye chifukwa chake iwe umakonza njinga, ine n'kukhala manejala. Tipita nayo ku Zingalume. Kumene kuja sanaonepo ngakhale babu ikuyaka."

Lamulungu m'mawa Manuele ali ku Misa, Fatala anakachita odi kuti atangwanitse Fainesi, mkazi wa mwini kaseti, uku Girizi akulowera pawindo. Fainesi anamuyalira mphasa, n'kumuikira lichero pamiyendo.

"Mwabwera bwino, a Fatala. Uthenga wanuwo muzinena manja akusenda mtedza."

Fatala anasenda. Anafotokoza za Yona m'mimba mwa chinsomba, nasenda. Anayamba za Yobu, lichero lachiwiri linafika. Girizi anapeza kaseti itakulungidwa m'chitenje pansi pa dengu la ufa, natuluka ali mbuu ngati nsomba yokakazinga. Koma Fatala sanamasulidwe mpaka thumba lonse litatha, ndipo anabwera zala zitatupa, atanyamula kambale ka mtedza komuthokoza.

Lolemba tambala atangolira anakweza katundu pangolo. Dzuwa lisanafike pamutu anali atabwereka shedi ya thonje ku Zingalume, atatseka mipata ndi masaka. Malipiro a pakhomo anali mbale ya mtedza kapena dzira. Shedi inadzaza mpaka ana anakhala pamiyendo ya anthu osawadziwa.

Bakha atangoonekera, nyumba yonse inakuwa: "Eee! A Sipikita!"

Limenelo linali dzina limene Manuele anamupatsa bakhayo. Anthu a ku Zingalume alibe magetsi, inde, koma miyendo ali nayo. Theka la shedi linali litayendapo wapansi kukaonera kwa Manuele, ndipo theka linalo linali litamva nkhani yonse kuchitsime.

"Kodi iyi si kaseti ya a Manuele?" anafunsa a Malita, mayi wa mawu ngati belu amene anakhala kutsogolo.

"Ndi yomweyo, amayi," anatero Dyson. "Atituma ndi iwowo. Ndife nthambi yawo."

Anatola kandodo n'kuyamba. "Apa bakha akuti... ndikumenya. Galu akuti... bwera undimenye."

"Bodza!" anakuwa a Malita. "Apo a Sipikita akufunsira mbeta!"

"Ndiye akuti akafunsira amumenya."

"Manejala, apo mwalakwitsa," anatero Girizi, amene ankaonera kwa Manuele mobisa Loweruka lililonse. "Galuyo ndi nkhoswe. Akupempha uchi wa chikole."

"Iwe uli mbali iti?"

Shedi inawira. Kunena zoona, popanda pakamwa pa Manuele kasetiyo inali chabe nyama zoyenda uku ndi uku m'chipale chofewa, zikulira ngati wailesi yosochera. Anthu anali atapereka mazira awo kuti amve ukwati wa a Sipikita, osati karate.

A Malita anaimirira. "Poti akutumani ndi a Manuele, palibe vuto. Mmodzi akawatenge."

"Ndipita ine!" anatero Fatala, maso ali panjira ya ku Mozambiki.

"Mlendo sayenda yekha kuno," anatero a Malita. "Eneya, tenga m'bale wako, muwaperekeze abambowa mpaka pakhomo pa a Manuele."

Eneya ndi m'bale wakeyo anali amuna oti ng'ombe ikadwala amakoka okha pulawo. Fatala anapalasa njinga yobwereka ali pakati pawo ngati mkwatibwi. Dyson ndi Girizi anawakhazika pamipando ya ulemu, kutali ndi chitseko, n'kumawapatsa thobwa chikho pa chikho. Dyson akati akataye madzi, amuna anayi ankamuperekeza.

Dzuwa litapendeka Manuele anafika atakhala pakaliyala ya Fatala, kolona ili m'khosi. Sanakalipe. Anapereka moni kwa akulu, anapukuta kaseti ndi malaya, n'kulandira kandodo m'manja mwa Dyson ndi manja awiri.

"Lero ukwati tauimitsa," anatero tivi itayaka. "A Sipikita akufufuza mlandu. Mukuona chigalu icho chikulowetsa mutu mumphika? Chikufuna kaseti m'dengu la ufa la mkazi wanga. Dzina lake Girizi."

Anthu anaseka mpaka kugwa m'mabenchi.

"Ng'ombe ikuzungulira mtengoyo ndi a Fatala, akulalikira za Yona. Mtedza anasenda bwino, a Fainesi akuti abwerenso. Tsono a Sipikita akufunsa kuti, kodi anatuma nyamazi ndani?"

Shedi yonse inatembenuka. Dyson anali atafika kale theka kunja kudzera pansi pa saka, koma thobwa linali litamukulitsa mimba, ndipo Eneya anangomukoka mwendo ngati chinangwa.

Nkhani siinafike kupolisi. Manuele anati mtedza ndi mazira a pakhomo aja akwanira ngati chipepeso, bola ngolo imubweze iye ndi kaseti yake, akubawo aziyenda pansi pambuyo.

Mwezi sunathe n'komwe. Lachitatu Monika anamanga katundu. Ndinadutsa ku Zemba nthawi yopalira, ndipo ndinamupeza Manejala pakati pa thonje, khasu m'manja, apongozi ake atakhala pachulu ndi kandodo akumufotokozera mzere umene wadumpha.