Khoti la a Jaji m'chipinda cha zipewa

Ngati munapetetsapo chipewa pa shopu yathu zaka zimenezo, ndiye kuti a Jaji munawamva musanawaone. Mkulu ameneyu ulusi ukaduka pa makina sankangoulowetsanso ngati mmene amachitira anthu ena onse. Iwo ankazenga mlandu. Ankaimitsa makina, n'kugogoda tebulo katatu ndi chogwirira cha sikuludiraiva, n'kukuwa kuti, "Khoti layamba!" Aliyense amene anali m'chipindamo, kaya kasitomala, kaya wobweretsa katundu, ankayenera kutseka pakamwa. Dzina lawo lenileni linkadziwika ndi chiphaso chawo chokha.

Ine ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi. Yanga inali yomangirira zipewa pa felemu ndi kudula timaulusi totsalira kuseri kwa zilembo. Ankanditchula kuti a Mboni, chifukwa mlandu uliwonse unkachitika ine ndili pomwepo. Chipinda chathu chinali kuseri kwa shopu, chopanda windo, chotentha ngati mu uvuni. Munali makina opetera a mitu inayi, mutu uliwonse ndi singano yake, fani imodzi yozungulira ikafuna yokha, ndi makatoni a zipewa mpaka kudenga.

Oganiziridwa mlandu anali omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo ankaitanidwa motsatana. Woyamba anali singano.

"Singano iwe, unali kuti pamene ulusi umaduka?"

Ankaichotsa, n'kuigubuduza pa galasi kuti aone ngati yapindika, kenako n'kuikanda pa chikhadabo kuti amve ngati yabuntha. Ikapezeka yolakwa inkaponyedwa m'botolo limene analilemba kuti NDENDE. Apilo kunalibe.

Singano ikapulumuka, ankaitana ulusi. Ankaukoka, kuununkhiza, mwinanso kuunyambita. Ulusi wokhalitsa pa shelefu umauma n'kumangoduka wokha, ndiye akaupeza wotero ankati, "Uwu ndi wokalamba kuposa ine, chikhalirecho ine ndinatha kale." Ulusi ukakhala wabwino ankatsegula kunsi kwa makina n'kuuzira fumbi m'nyumba ya bobini, mokhala ulusi wapansi, mpaka maso kufiira. Kenako ankayesa ngati ulusi wakungika kwambiri. Zonsezi zikapezeka zosalakwa, ine ndinkadziwa kuti zanga zada, chifukwa wotsala anali chipewa, ndipo chipewa womanga ndine.

"A Mboni, lero simuli mboni. Imani apo. Chipewa ichi mwamanga ndinu?"

"Ndine, a Jaji."

"Mumachimanga kapena mumachinyengerera? Taonani chikudumphadumpha ngati chule. Singano ikakwera, icho chikwera nayo. Ulusi ungapirire zimenezo?"

"Dzanja likundiwawa."

"Dzanja silinaitanidwe pano. Taitana inu. Mumange zipewa khumi ine ndikuyang'ana."

Mmodzi yekha amene sanalowepo m'bokosi la woimbidwa mlandu anali makina. Ankawapukuta m'mawa uliwonse ndi mpango wawo wa m'thumba, womwewo wopukutira thukuta.

Tsiku lina kunabwera mkulu wa kampani ina ya alonda, wamimba, makiyi a galimoto akulendewera pa chala. Ankafuna kuti mawu onse a kampani yake, mizere itatu, alembedwe kutsogolo kwa chipewa m'tizilembo tating'ono ngati mazira a nsabwe. Pa chipewa choyamba ulusi unaduka kasanu ndi kanayi.

"Makina anuwa ndi akufa," anatero mkuluyo.

Ndinaika sizasi pansi. A Jaji anagogoda tebulo katatu.

"Bwerani kuno, achimwene. Ikani chala apa. Mukumva chiyani?"

"Msoko."

"Msoko wapakati. Apa nsalu zapindana zinayi. Singano ikafika apa ili ngati munthu woboola khoma ndi udzu. Ndiye inu mukufuna ilembe kalata yonse pamenepa, ibaye malo amodzimodzi kakhumi. Amene wadula ulusi ndinu."

"Ine ndine kasitomala, madala."

"Kunjako. Muno ndinu woimbidwa mlandu. Chigamulo: mawu awiri okha, zilembo zikuluzikulu, makina ayende pang'onopang'ono. Mukakana, kalembeni ndi bolopeni."

Munthuyo anatuluka akutukwana mpaka agalu a pamsewu anaima. M'mawa mwake anabwerera, mawu awiri ali pa kapepala.

Amayi eni shopu anawachotsapo ntchito katatu chifukwa cha pakamwa pawopo. Katatu konseko ulusi unaduka masiku awiri osalekeza, ndipo amayiwo anapita okha kukawatenga. A Jaji ankabwerera, n'kuyang'ana makina, n'kupukusa mutu ngati munthu amene wapeza ana ake atamenyedwa.

Ife tinkaseka, koma khoti limenelo silinkathera pa shopu. Akazi awo anamwalira kale, ndipo ankakhala okha m'kachipinda kuseri kwa galaja ina. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Mwanayo atabweretsa mwamuna woti akwatiwe naye, a Jaji anawakhazika onse awiri pansi, n'kumufunsa mnyamatayo mafunso maola atatu, n'kugamula kuti ndi singano yopindika. Mwana wawo atati amukwatiwabe, chigamulo chinali choti asadzapondenso pakhomo. Mwanayo anatengera bambo ake kuuma mutu. Anamvera chigamulocho zaka zisanu ndi ziwiri, osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe.

Kudwala kwa a Jaji kunayamba pang'onopang'ono. Ndinaona kuti singano akuiyandikiza kumphuno kuti aione. Madzi ankamwa ngati ng'ombe, n'kumangopita kuseri. Anayamba kukoka mwendo. Kenako anayamba kundifunsa mafunso achilendo.

"A Mboni, ulusi uwu ndi wamtundu wanji? Ndikukuyesani."

"Wobiriwira."

"Mwakhoza."

Anali asanandiyesepo zaka zonsezo. Ndinazindikira, koma ndani akanawauza? Ndinayamba kufika m'mamawa iwo asanabwere, n'kusintha singano ndi kulowetsa ulusi mitu yonse inayi. Iwo akafika ankapeza zonse zili m'malo, n'kunena kuti, "Makinawa ali ndi ulemu lero." Sanandifunsepo, ndipo ine sindinanenepo. Tinayenda choncho miyezi isanu.

Ndiye kunabwera ntchito ya zipewa mazana awiri za madalaivala a kampani ina ya mabasi, zofunika Lachisanu. Lachitatu m'mawa amayi anga anagwa m'bafa, ndipo ndinathamangira nawo kuchipatala. Pa shopu ndinafika cha m'ma leveni. Ndili pakhomo ndinamva kugogoda kuja.

Khoti linali litakhala kuyambira m'mawa. Mutu wachitatu unkadula ulusi ukangosoka pang'ono. A Jaji anali atasintha okha singano, n'kuponya mu NDENDE zisanu ndi imodzi motsatana, zatsopano zonse. Ulusi anasintha kawiri. Bobini inali yoyera ngati mbale. Malaya awo anali atanyowa mpaka kumsana, ndipo amayi eni shopu anali ataima pakhomo manja m'chiuno.

"Zipewa zisanu ndi zitatu kuyambira m'mawa! A Jaji, Lachisanu ndi mkuja. Anthu aja ndikawauza chiyani?"

"Wolakwa apezeka, mayi. Khoti silithamangitsidwa."



Ndinawerama pa mutu wachitatu, ndipo ndinachiona nthawi yomweyo. Singano ya makina amenewa ili ndi kangalande kumbali imodzi, momwe ulusi umagona ikamalowa mu nsalu. Kangalandeko kamayenera kuyang'ana kwa iwe. Apa kanali kutayang'ana kumbuyo. Singano anailowetsa chotembenuza. Ndi cholakwa cha munthu amene wayamba ntchito dzulo, chimene iwo anathamangitsirapo anthu atatu ine ndikuona.

Foni ya amayi aja inalira, ndipo anatuluka. Ndinatenga sikuludiraiva mwakachetechete kuti nditembenuze singanoyo. A Jaji anandigwira dzanja.

"A Mboni, mwaona chiyani?"

"Palibe, a Jaji. Ndimangoimangitsa."

"Mboni yonama imalowa m'ndende. Chotsani dzanja."

Anapapasa singanoyo ndi chikhadabo, kutsogolo, kenako kumbuyo. Anapapasanso kachiwiri. Ndinkayembekezera kuti akuwa, koma analankhula motsitsa, ngati akufunsa nthawi.

"Zisanu ndi imodzi zija ndazimanga zosalakwa?"

"Ndi singano chabe, a Jaji."

"Mwakhala mukundilowetsera ulusi kuyambira liti?"

Ndinaika sikuludiraiva ija pa tebulo.

Anagogoda tebulo katatu, pang'onopang'ono. "Wolakwa wapezeka," anatero. "Khoti latseka." Anavala jekete, n'kutuluka masana amenewo, akupapasa khoma ndi dzanja limodzi. Ndinatembenuza singano ija, ndipo mutu wachitatu unasoka mpaka Lachisanu osadula ulusi ngakhale kamodzi. Sindinadanepo ndi makina ngati sabata imeneyo.

Amayi eni shopu anapita kukawatenga kachinayi. Anabwerera okha.

Lamlungu masana ndinapita kukawaona. Ndinawapeza atakhala pa bedi, phazi litakulungidwa ndi bandeji, fungo lake likufika pakhomo. Kuchipatala anawauza kuti ndi shuga, ndipo shugayo anali atadya kale maso, tsopano akudya mwendo.

"Ndinawafunsa adokotala kuti woyamba kuganiziridwa ndani," anatero. "Akuti masupuni anayi mu tiyi, zaka makumi anayi. Ndinawauza kuti amenewo ndi anzanga, sindingawamange."

Ndinaseka, misozi n'kutsatira pomwepo.

"A Jaji, ndimuimbire mwana wanu?"

"Chigamulo sichisintha."

Ndinawachapira makapu, n'kuwasesera m'chipindamo. Ndikutuluka anandiitana.

"A Mboni. Zimene mboni imalankhula kunja kwa khoti, ine sizindikhudza."

Mwana wawo uja ndinamuimbira tsiku lomwelo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kudula foni. Panapita milungu isanu ndi umodzi. A Jaji anagonekedwa m'chipatala, mwendo anaudula. Tsiku lina masana ndikuwamwetsa madzi, pakhomo la wodi panaima mayi wamtali, wa chipumi chawo chenicheni, atagwira kamwana kakakazi pa dzanja.

"Ababa," anatero.

A Jaji anatembenuzira mutu kumene kunachokera mawuwo. Maso sankaonanso kanthu.

"Wachedwa," anatero. "Khala pansi."

Anakhala. Anatenga dzanja lawo n'kuliika pamutu pa kamwana kaja. A Jaji anapapasa mutuwo, makutu, mphuno, mosamala ngati akuyesa nsalu yodula.

"Aka kalibe mlandu," anatero.

Anamwalira patapita masiku anayi, mwana wawo ali pambali pa bedi.

Masiku ano pa makina pali bambo wina wofatsa, wodziwa ntchito yake. Ulusi ukaduka amayang'ana singano, n'kulowetsanso, n'kupitiriza, osalankhula ndi munthu kapena chitsulo. Zipewa zimatuluka pa nthawi yake. Palibe amene amatukwanidwa. Amayi eni shopu anaboolanso windo, ndipo kumalowa kamphepo. Zonse zili bwino, koma tsiku limatalika, ndipo ine ndimaweruka pakamwa patauma chifukwa chosalankhula.

Mwezi wathawu kunabwera gogo wina woyendetsa njinga yamoto, atavala chipewa chofwifwa, zilembo zitayamba kusosoka.

"Abambo ankhanza aja ali kuti?" anafunsa. "Chipewa ichi anandipetera ndi iwowo. Ananditukwana tsiku limenelo chifukwa choti ndinachipinda n'kuchiika m'thumba. Ndabwera kuti anditukwanenso, andikonzere."

Ndinawauza kuti a Jaji anamwalira. Gogoyo anaima akuyang'ana kumene kunali makina.

"Tikhoza kukukonzerani ife, agogo," ndinatero. "Sizitenga ola."

"Ayi, mwanangu. Chisiyeni chithe chokha."

Anachivula, n'kutuluka atachigwira m'manja, mutu uli pamtunda, kunja dzuwa likuswa mtengo.