Mamendulo a Bambo Anga Kumanzere kwa Jekete

Inu ana athu a kuno ku Handsworth, makamaka amene mwayamba kulembetsa usilikali wapadera, imvani nkhani iyi kuchokera pakamwa panga, pakuti kumapemphero a Amalawi ikukambidwa mokometsera. Akuti ndinagwa. Sindinagwe ayi, koma chimene ndinachita chinaposa kugwa.

Ndinabwera ku Birmingham kudzalera zidzukulu. Mwana wanga Esinati ndi namwino, ndipo pamwamba pa mashifiti ake analowanso gulu la asilikali apadera, aja amene amagwira ntchito zawo monga aliyense, koma madzulo amodzi pa sabata ndi Loweruka lina amavala yunifolomu. Gulu lake linali losamala ovulala, ndipo pokhala nthawi ya nkhondo ya ku Iraq, anzake ena anali ataitanidwa kale. Ankakumana mu holo ya njerwa zofiira, zipupa zake zodzaza ndi zithunzi za odzipereka a mibadwo yakale: osula zitsulo, makalaliki, oyendetsa mabasi.

Zithunzizo zinandikumbutsa bambo anga, amene anamenya nkhondo ku Burma. Anabwerako ndi mamendulo atatu ndi malungo osatha, ndipo za nkhondoyo sanakambepo. Chimene anatiphunzitsa ku Dowa chinali mganda, gule uja wotsanzira perete wa asilikali: kabudula woyera wosita, masokosi ofika m'maondo, malipenga a zipanda. Ndinauvina zaka zambiri (amishoni osadziwa).

Tsono linafika Lamulungu la mu Novembala lokumbukira omwe anafera kunkhondo. Esinati anatsogola ndi gulu lake. Ine ndinatsegula kachitini komwe ndinachoka nako kumudzi, n'kumangirira mamendulo a bambo pa jekete, kumanzere, pamtima, poti m'pamene mwana amasunga kholo lake. Sindinadziwe kuti kuno kumanzere amavala mwini wake amene anaona zipolopolo. Mwana wa malemu amavala kumanja.

Pakhomo pa holo sajeni wina anayang'ana mamendulo, nayang'ana imvi zanga, nandichitira sawatcha. Anafunsa ngati ali a ku Burma, ndipo ndinavomera, popeza analidi a ku Burma. (Nkhondoyo inatha ine ndikubusa mbuzi, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Azungu sadziwa kuwerenga zaka pankhope yathu.) Anandichotsa pa benchi ya mabanja, nandikhazika kutsogolo pakati pa nkhalamba zenizeni za nkhondo. Tiyi anabwera m'kapu yokhala ndi kambale kake. Apo m'pamene ndikanalankhula. Koma mumtima ndinati, ulemu uwu bambo sanaulawepo, ndiwalandirireko pang'ono.

Kenaka anatiimika pamzere kuti tigube mpaka pa mwala wa chikumbutso. Ng'oma yaikulu italira, kuzizira kwa Birmingham kunandichokera. Ndinamva fungo la fumbi la bwalo lakwathu, ndinaona bambo kutsogolo ndi kandodo kawo. Miyendo inayamba yokha: kawiri kutsogolo, kamodzi kumbuyo, phewa pansi, tembenu. Pobwerera kumbuyopo ndinaponda phazi la mkulu amene ankanditsatira, ndodo yake inapulumuka n'kukagwetsa nkhata ya maluwa m'manja mwa abusa. Mzere wonse unapindika. Ndili potembenuka, mpango uli m'mwamba, maso anga anakumana ndi a Esinati, ataima nji pakati pa anzake, misozi ikutsika. Kaya inali ya phwete kapena ya manyazi, sanandiuze mpaka lero.

Mwambo utatha Esinati anabwera pamene ndinabisala.

“Ababa, abwana anga akuti mudzalankhule ku gulu lathu za nkhondo ya ku Burma. Ndikawauze chiyani?”

Ndisanayankhe, anafika mkulu uja ndinamuponda, Mzungu wopitirira zaka makumi asanu ndi atatu. Anandifunsa motsitsa mawu kuti mamendulowo ndi a yani. Ndinaulula. Sanakwiye. Anawamasula, nawamangirira kumanja. Anati iye anawaona asilikali a ku Nyasaland m'nkhalango zimenezo, akuimba poguba m'matope, ndipo chichokere kumeneko sanamvenso nyimbo zawo.

“Mungandiimbireko imodzi ya bambo anu?”

Za mganda ndimadziwa zambiri, koma zimene ankaimba ku Burma bambo anapita nazo kumanda, pakuti ine sindinawafunsepo. Tinangoima awiriwiri m'mvula yowaza, aliyense akudikira nyimbo imene panalibe woimba.

Kwa abwana a Esinati ndinakapepesa ndekha. Ku holo amandiitanabe chaka ndi chaka, koma ng'oma ikalira ndimagwiritsa mpando.

Tsono ananu, mendulo ya kholo lanu muzivala kumanja, ndipo wina akakupatsani ulemu wa mwini, nenani msanga tiyi asanafike. Amene makolo anu adakali moyo, aimbireni foni sabata ino, muwafunse nyimbo zawo, ndipo muzilembe.