Kupumitsa Khutu Lamanja

Lolemba
Khutu lamanja likulira ngati mwalowa udzudzu. A Gondwe, aneba anga okonza mawailesi ku Biwi, akuti ndi foni: "Mphepo yake imawotcha m'kati pang'onopang'ono, ngati mbatata m'phulusa. Mudzagontha, achimwene."
Chiganizo: sabata ino foni isakhudze khutu.
Vuto: mkazi wanga Nangozo ali ku Ntcheu, akudwazika amayi ake chiyambire mvula. Dzuwa likapendeka amakwera pachulu cha kuseri kwa dimba, pokhapo pogwira netiweki, n'kufulasha. Ine n'kuimba.

Lachiwiri
Wafulasha. M'malo moimba ndikutumiza meseji: "Ndili bwino, moni kwa amayi."
Yankho: "Mwakwiya?"

Lachitatu
Nzeru yatsopano. Foni patebulo, mawu otulukira kunja, ine chapakhomo. Ndayiwala kuti kuno ku Kawale khoma ndi limodzi.
Nangozo: "Zofunda mukuchapa?"
Mayi Gondwe, kuseri kwa khoma: "Sakuchapa, asisi!"
Kenaka akucheza awiriwo, za mtengo wa tomato. Ine chilili.

Lachinayi
A Gondwe akuti nsalu yochindikala imasefa mphepoyo. Ndikukulunga foni m'chitenje cha Nangozo, chobiriwira chija amavala popita kumvano.
"Mukulankhulira mumtsuko?" akutero, mawu ali kutali.
Zambiri sindikumva. Koma chitenjecho chikadali ndi fungo la mafuta ake odzola. Foni yaduka kale, ine ndikadachigwira.

Lachisanu
Mvula. Wafulasha, wafulashanso. Ndikungoyang'ana kuwala kwa foni, manja kumbuyo ngati mwana woletsedwa shuga. M'maganizo ndikumuona ali pachulu, thumba la feteleza pamutu, dzanja m'mwamba.
Ndalimba mtima. Sindikukondwa nako kulimbako.

Loweruka
Sanafulashe.
Zimene khutu lopumali lamva lero:
kondakitala woitanira za m'tauni,
wogulitsa makala,
kwaya ikubwereza mzere umodzimodzi,
a Gondwe akukuwa pa foni yawo, ataikanikiza kukhutu.
Tili pachibwenzi ndinkapalasa njinga tsiku lonse kukangomva iye akuti "mwabwera". Fumbi, minga, agalu. Za makutu sindinkaziganiza.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi ndikuimba ndine. Sikulowa. Ndikudikira dzuwa lipendeke, ndikuimbanso. Yalowa. Kani anakwera kale pachulu, wangokhala, osafulasha.
Ndikumufotokozera zonse: udzudzu, mbatata, chitenje. Akuseka mpaka kutsokomola.
"Bambo a Chikondi, khutu limenelo linayamba kale. N'kale lonse ndikakutumani mchere mumabwera ndi machesi. Foni inali kuti?"
Akuti amayi ayamba kudya phala. Zobwerera Nangozo sakudziwa, mwina akakolola.
Foni yatentha, khutu latentha, udzudzu uli momwemo. Kaya a Gondwe akunena zoona, kaya. Mawa ndikaonetse kuchipatala.
Pakadali pano ndasinthira kumanzere. Nangozo sanamalize nkhani ya mbuzi.