Zitoliro za Baba zomwe ndinazimana madzi

Izi zisakafike kwa apongozi anga ku Dedza, ndingafe ndi manyazi.

Ine NaNgozo, wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Pearl, dera la olemera kudziko la Aarabu, kwa mdala wina wachiarabu, tinkangoti Baba. Munthu wabwino, koma anali ndi chipinda chosatsegula makatani. M'kabati mwake munagona timitengo takuda tobooka, pa nsalu yofiira, kumapeto kuli mafupa oyera. Timitengoto ankatidzoza mafuta ndi nthenga, uku akutinong'oneza.

"Mama, izi ndi zitoliro, very old. Amene anasema chachikuluchi anafa kalekale, koma mpweya wake udakalimo."

Mpweya wa wakufa! Ndinangoti "Yes Baba."

Tsiku lina akupita ku London anandiitana. "M'mawa uliwonse muzithira madzi m'kambale aka, kabati n'kutseka. Zikasowa madzi zimafa. Khalas? Tamvana?"

Ine? Mayi wa kwaya, kumwetsa ndondocha za munthu? Ndinaimbira NaZulu, mnzanga wa ku Chipata wokhala ku Muntazah, mumzinda womwewo.

"Amama, musayese! Chuma chonsecho mukuti n'cha petulo? Zimaneni zife!"

Madzi ndinataya, kabati ndinasiya pululu, AC ndinaika pa full ndi kuilozetsa komweko kuti zikhaule.

Tsiku lachitatu, masana ndithu, nyumba ili zii, ndikumva: huuuu... Ndinasuzumira. Mulibe munthu. Chachikulu chija chikulira chokha! Ndinagwira mopu, n'kuyamba pemphero lamoto. "Tuluka! Ndati tuluka!"

Chinangoti thaa! Kung'aluka kuyambira kukamwa mpaka pakati. Abale, ndinavina.

Baba atabwera anachinyamula ngati khanda, misozi chuchuchu. "Mama, AC imaumitsa mtengo! Madzi aja anali oti m'kabati mukhale chinyezi basi!"

"Nanga kulira kuja?"

"Mphepo ya AC yanu inkaomba pabowo!"

Ndinaliona tikiti la ku Lilongwe likubwera lokha, nyumba yanga kumudzi isanafoleredwe.

Koma mdala sanandichotse. Masabata awiri anakhala akumata mng'aluwo ndi guluu, n'kumakulunga ulusi. Kenako anandiitana. "Mtengo wakale umazolowera ndi mpweya wofunda, pang'onopang'ono. Ine chifuwa chinatha. Yalla, tiyeni Mama, muziuziramo five minutes tsiku lililonse."

Ndiye ine amene ndinachimana madzi, m'mawa uliwonse ndinkachipsompsona pakamwa, Baba akuwomba m'manja. Chikhalireni wamasiye palibe amene anandizolowera milomo ngati chimenecho.

Chiwanda cha eni ungochimwetsa, ukachimana chimakukwatira.